Timatumba ta Wambalame

Tsiku loyamba kubwera pa shopu yanga yosokera ndinamuyesa msodzi. Anali wamtali, nsapato zili matope mpaka m'zingwe, ndipo anafunyulula ukonde wong'ambika pathebulo ngati akufunyulula diresi la mkwatibwi. Ndinamuuza kuti ine ndimasoka zovala, za nsomba apite nazo kwina. Iye anaseka n'kunena kuti ukondewo si wa nsomba, ndi wa mbalame. Kuyambira pamenepo mumsewu wathu wonse, kuchokera kwa wometa tsitsi mpaka kwa wowotcherera zitseko, amamutchula Wambalame.

Akuchita digiri yachiwiri ya zachilengedwe ku yunivesite. Akamaliza akufuna ntchito yoyang'anira nkhalango, yoyenda panja, chifukwa akuti akakhala mu ofesi mapazi amamuyabwa. Ine sukulu ndinaisiyira panjira chifukwa cha mimba ya Kabatani, mwana wanga wamkazi, ndipo bambo ake anasowa ngati singano yogwera mumchenga. Ndiye mwamuna akamandiuza maloto ake, ine ndimayamba ndafunsa ngati malotowo ali ndi denga.

Wambalame sanakhumudwe nalo funsolo. Anakhala pabenchi ya makasitomala n'kundifotokozera kafukufuku wake. Amatchera ukonde m'nkhalango. Mbalame ikakodwa amaiika m'kathumba ka nsalu kwa kanthawi, ikachita chitosi amaimasula. M'chitosimo mumakhala njere za zipatso zimene yadya. Kathumba kalikonse kali ndi nambala yake, yosonyeza kuti inali mbalame yanji ndipo anaigwira pati. Akaziona njerezo amadziwa kuti ndi mbalame ziti zimene zimadzalanso mitengo pamene anthu anadula. Ndinamufunsa ngati apulofesa ake akudziwa kuti mwana wa eni akuphunzira zitosi. Anati apulofesawo upulofesa wawo anaupeza m'zitosi momwemo.

Timatumbato ndinasoka ndine, ta nsalu yoyera yopyapyala, ta chingwe pakamwa. Anabwera kudzatenga toyamba, n'kubweranso kudzati chingwe chafupika, n'kubweranso kudzati chatalika, mpaka achemwali anga, amene timasoka limodzi, anaimitsa makina awo n'kumuuza kuti, "Achimwene, chingwe chilibe mlandu. Nenani chimene mukubwerera."

Ananenadi. Ine ndinavomera nditamuuza kuti ndimabwera ndi mwana, ndipo mwanayo sachotsedwa ngati thumba la malaya.

*

Nyengo ya zipatso zakutchire yonse anali m'nkhalango. Anabwerako atada, atawonda, ali ndi katoni yodzaza timatumba. Anatikoleka pachingwe m'chipinda chimene amachita lendi kuti tiume bwinobwino asanapite nato ku yunivesite kukachotsa njere. Nditapita kukamuona ndinaima pakhomo n'kugwira mphuno. Iye anati fungo limenelo ndi digiri yake, ndililemekeze.

Sabata yomweyo ananditumizira uthenga pafoni kuti mayi ake akubwera Loweruka ndipo akufuna tionane.

Ndinamufunsa ngati anawauza za Kabatani. Anayankha kuti anawauza. Ndinamufunsa kuti anati chiyani. Foni inaonetsa kuti akulemba, n'kusiya, n'kulembanso, kenako panangobwera mawu akuti, "Akakuona akukonda." Amene munakondanapo ndi mwana wa mayi mukudziwa tanthauzo la yankho lotere.

Zoona zake ndinazimva kwa achemwali, amene makutu awo amafika kumene mapazi awo sanafikeko. Mayiwo anali ndi madandaulo awiri. Loyamba linali lakuti sanaphunzitse mwana kuti azikagona m'tenti ngati wothawa kwawo, pamene amalume ake anamupezera kale malo mu ofesi ya kampani, pali mpando wozungulira ndi galimoto. Lachiwiri linali ine: telala wosamaliza sukulu, wa mwana kale.

Panalinso wina amene mayiwo ankamukonda. Ndi mtsikana wa m'kalasi mwa Wambalame, amene ife tinamutcha Wachipewa chifukwa chipewa chake chachikulu cha kutchire sachivula ngakhale m'nyumba. Anabwerapo kamodzi pa shopu, n'kumayenda uku akugwiragwira nsalu za anthu ndi zala ziwiri. Anandiitana kuti "mayi atelala" ngakhale ndife a msinkhu umodzi, ndipo anandiyamikira kuti ndili ndi luso la manja, mawu akuti manjawo atawakweza pang'ono. Achemwali atamuona akutuluka anati chipewacho chabisa zambiri, koma maso amene amamuyang'ana nawo Wambalame sichinawabise.

*

Loweruka ndinamusiya Kabatani ndi achemwali, ndinavala diresi langa la buluu, n'kunyamuka cha kumasana monga tinagwirizana. Ndili m'basi uthenga unalowa. Wambalame anati apulofesa amuitana mwadzidzidzi, achedwa pang'ono, ndipo mayi afika kale m'mawa, eni nyumba awatsegulira. Anandipempha kuti ndikawachezetse mpaka iye atafika.

Nditangolowa pageti ndinaona choyera chikuuluka kuseri kwa nyumba. Ndinathamangira komweko.

Timatumba tonse tinali pachingwe choyanikira zovala, tatembenuzidwa, toyera mbuu, tikudontha madzi. Pansi pake panali mayi wachikulire wamfupi, atapinda manja a bulauzi, akutsukuluza totsala m'beseni. Chitseko ndi mawindo a chipinda zinali zotsegula, pakhonde pakunyezimira sopo.

Ndinawapatsa moni mwaulemu. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu n'kufunsa ngati ndine telala uja. Ndinavomera. Anati anamva kuti mwana wawo ali ndi munthu womusamala, koma apeza akugona ndi zitosi pamutu ngati nkhuku, ndiye aona kuti ntchito imene ena inawakanika aigwire okha.

"Mayi," ndinatero, "madzi oyamba mwataya kuti?"

Analoza ngalande ndi chibwano.

Sindinawafotokozere kaye. Ndinavula mpango kumutu, n'kuuyala pachidebe, n'kusefa madzi a m'besenimo. Panatsala tinjere tambiri, takuda, tofiira, tina ngati mchenga. Ndinapita pangalande n'kuyamba kutola tina pamatope, diresi la buluu lija likukhudza pansi. Ndikutola choncho ndinawauza mwachidule kuti zitosizo ndizo mayeso a mwana wawo, ndizo anakhalira m'nkhalango nyengo yonseyi, ndipo popanda izo digiri palibe.

Nditadzutsa mutu ndinaona nkhope yawo yasintha. Anali atayang'ana pachingwe, milomo ikugwedezeka ngati akuwerenga. Kenako anatsitsa manja a bulauzi pang'onopang'ono, n'kupukuta zala m'mbali mwa siketi, n'kukakhala pampando wa pakhonde.

Geti inalira. Analowa Wambalame, pambuyo pake Wachipewa atanyamula jumbo ya malalanje, akuti wabwera kudzalonjera mayi.

Wambalame sanakuwe. Anayenda mpaka pachingwe, n'kuchotsa kathumba kamodzi, n'kukayang'ana mkati ndi kunja, n'kukabwezera pomwepo. Anatenga kena. Kenako anatembenuka. Ine ndinali nditaima pafupi ndi beseni, manja atanyowa mpaka m'zigongono, mpango wa njere uli m'manja. Mayi ake anali pakhonde, manja owuma ali pamiyendo.

"Wachapa ndani?"

Ndinawayang'ana mayiwo. Anayang'ana malalanje.

M'kanthawi kameneko ndinawerengera ngati mmene ndimawerengera nsalu ndisanadule. Mkazi akalakwa, mwamuna amakwiya, n'kudzaiwala. Koma mayi akachita manyazi pamaso pa mwana wake, mlendo amene anaona manyaziwo samukhululukira mpaka m'manda. Ndikanaloza pakhonde, ndikanapambana tsiku limodzi n'kuluza banja lonse.

"Ndine," ndinatero.

"Inu?" Mawu ake anali otsika kwambiri. "Inu amene ndinakhala nanu pansi n'kukufotokozerani?"

Wachipewa anaika jumbo pansi n'kumugwira pamkono. Anamuuza mokoma mtima kuti asandikalipire, sindikanadziwa kulemera kwake, zinthu zoterezi zimafuna munthu amene anakhalapo m'kalasi. Kenako anapita kukapereka moni kwa mayi, ndipo mayiwo anamulandira ndi manja awiri.

Ndinamupatsa Wambalame mpango wa njere. Anaulandira, n'kundithokoza ngati mmene umathokozera kondakitala. Tiyi amene mayi anaphika sindinamwe.

*

Achemwali atamva nkhaniyi anandiyang'ana nthawi yaitali, singano ili pakamwa. Ataichotsa anati iwo aona anthu akusenza katundu wa apongozi, koma kusenza mlandu wa apongozi usanalowe n'komwe m'banjamo ndi ukadaulo watsopano. Anandifunsa kuti ndikuganiza kuti mayiwo andilipira chiyani. Ndinati sindikufuna malipiro, ndikufuna khomo lisatsekeke. Iwo anati khomo la mayi ndalisiyadi lotsegula, koma la mwana wawo ndalitseka ndekha.

Foni inakhala chete. Ndinamulembera kuti ngati akufuna ndikhoza kupita kukamuthandiza kusankha njere zija, maso anga anazolowera tinthu ting'onoting'ono. Anayankha madzulo kuti njere zosakanikirana sizinena kanthu, sakudziwanso kuti iyi inachokera mwa mbalame iti. Anawonjezera kuti zikomo. Ndinauyang'ana zikomo ameneyo mpaka foni inazima yokha.

Kabatani ankafunsa tsiku lililonse kuti amalume a mbalame ali kuti. Wambalame anamuphunzitsa kuyeserera kulira kwa mbalame zina, ndiye mwanayo ankakhala pansi pa thebulo akuimba mluzu wosatuluka bwino, kudikira womuyankha. Ndinamuuza kuti atanganidwa ndi sukulu. Anati sukulu ya akuluakulu ndi yoipa, ilibe nthawi yopuma.

*

Wambalame anabwera pakati pa sabata, cha kum'mawa, koma sanalowe. Anaima panja pafupi ndi mtengo wa pamsewu. Kabatani anamuthamangira, iye n'kumunyamula, n'kumuyankha mluzu uja, kenako n'kumutsitsa kuti akasewere.

Anandiuza zimene apulofesa ananena. Kumtunda kwa nkhalango, kumene kumazizira, kuli mitengo ina imene imachedwa kubereka. Akanyamuka msanga akhoza kupeza zipatso zisanathe, n'kutolera zokwanira kulemba kafukufuku wocheperapo. Akachedwa, adikira chaka chamawa, ndipo ntchito yoyang'anira nkhalango imene anamulonjeza akangomaliza ipita kwa wina. Ntchitoyo ndi yambiri kwa munthu mmodzi, ndiye Wachipewa wadzipereka kuti apite naye.

Ndinafunsa kuti agona kuti. Anati aliyense ali ndi tenti yake. Ndinati tenti ndi nsalu, ndipo ine nsalu ndimaidziwa. Masiku ena akanaseka. Tsiku limenelo anangoyang'ana magalimoto.

"Si njere zimene zikundipweteka," anatero. "Iwe ukamaseka ntchito yanga ndinkaganiza kuti ukungoseka, koma mumtima ukuidziwa. Anthu onse kwathu amaiona ngati uve. Ndinkati ndapeza mmodzi."

Ndikanangotchula liwu limodzi, nkhope imeneyo ikanabwerera kwa ine pomwepo. Koma ndinaona mayi aja akupukuta zala m'mbali mwa siketi, ndipo ndinangonena kuti ndamva, ndipo ayende bwino. Anagwedeza mutu n'kupita kukakwera basi.

*

Tsiku lotsatira masana, dzuwa likuwomba pachitseko, munthu anaima pakhomo n'kutchinga kuwala. Anali mayi ake, atavala bwino, chikwama chili m'khwapa. Achemwali anawapatsa benchi, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti ulusi wakuda watha, ngakhale unali wodzaza shelefu. Anamutenga Kabatani n'kutuluka.

Mayiwo anayamba ndi kuyang'ana shopu yonse: makina awiri, simbi, zovala zomalizidwa zokolekedwa mwa dongosolo, pansi posesedwa. Anatenga siketi imodzi n'kuitembenuza kuti aone msoko wamkati. Anati ndimasoka mowongoka. Ndinathokoza.

Anati sanagone bwino chichokereni Loweruka. Anati pa moyo wawo wonse palibe amene anawaphimbapo chonchija, ngakhale abale awo enieni, ndipo iwo si munthu wosayamika. Za mwana wanga anati aziganizira, mwana ndi mwana, ndipo iwonso analera ana awo okha bambo atamwalira, ndiye akudziwa kulemera kwake. Mtima wanga unayamba kumasuka. Ndinaganiza kuti kuwerengera kwanga kuja kwakwana.

Kenako anasendera kutsogolo kwa benchi.

"Mwana wanga akunyamuka mawa," anatero. "Ine sandimvera. Inu amakumverani, ngakhale panopa wakwiya. Muuzeni asapite. Zitosi zatha, Mulungu wazichotsa yekha, apite kwa amalume ake akayambe ntchito ya anthu. Mukatero, ine ndimuuza lero lomwe amene anachapa, ndipo ndikulandirani inu ndi mwana wanu yemwe."

Ndinafunsa kuti nanga ndikapanda kutero.

Anati ndiye kuti iwo ndi munthu wokalamba, amaiwala msanga zimene zinachitika Loweruka.

Sindiname, ndinaiona nyumbayo m'maso mwanga. Mwamuna wobwera kunyumba madzulo aliwonse, malaya oti ndizisita, Kabatani ali ndi womuperekeza kusukulu, palibe tenti, palibe chipewa. Mayiwo sankanditsatsa chinthu choipa. Ankanditsatsa chimene mkazi aliyense wolera yekha mwana amachipempherera. Ndipo ndinkadziwa kuti ndikalira pamaso pake mokwanira, mlandu wanga utachoka, mwina akanatsala.

Koma ndinamuonapo Wambalame akubwera kuchokera m'nkhalango, wakuda, wowonda, akulankhula osapuma ngati mwana wobwera ku ulendo. Ndinamuonanso tsiku limene anavala tayi kupita kukaona amalume akewo. Anabwerako ngati chovala chochapidwa ndi madzi otentha. Mwamuna wotero ukhoza kumusunga m'nyumba, koma tsiku lina adzakhala pampando wozungulirawo n'kufunsa kuti anamuika pamenepo ndani, ndipo yankho lidzakhala ine.

Ndisanayankhe, foni inanjenjemera pathebulo. Anali iyeyo. Analemba kuti popeza akhala awiri, maukonde achuluka ndipo timatumba tachepa, akufunika tina pofika mawa m'mawa. Wachipewa akuti akudziwa telala wina. Amuuze chiyani?

Mayiwo anaona dzina pafonipo. Ndinawawerengera uthengawo mokweza, chifukwa sindinafune kuti adzati ndinawabisira.

"Mukasoka timatumbato," anatero, "mwasokanso pakamwa panga."

"Mayi, ine mwana wanu ndinamupeza ali kale wa m'nkhalango. Sindinamulowetsemo, ndipo sindimutulutsamo."

Ndinamuyankha Wambalame kuti telala winayo apume, adzatenge m'mawa. Kenako ndinatsitsa mpukutu wa nsalu yoyera pashelefu, n'kuuyala pathebulo, n'kutenga sizasi.

Mayiwo sanakalipe. Anaimirira, n'kukonza siketi, n'kuika chikwama m'khwapa. Atafika pakhomo anatembenuka n'kundiuza, ngati akunena za nyengo, kuti mtsikana wa chipewa uja amuitana kale. Akangobwerako kunkhalango apita naye kwawo kukamuonetsa kwa abale, chifukwa ngati mwana wawo wasankha kukhala m'tchire, bola akhale ndi mkazi amene angamutsatire kumeneko.

Achemwali anabwera dzuwa litapendeka, opanda ulusi, Kabatani ali kumsana atagona. Anapeza thebulo ladzaza tizidutswa toyera. Ndinawauza zonse makina akuyenda. Anamugoneka mwanayo pa nsalu zotsala, n'kuima kumbuyo kwanga.

"Ndiye ukusokera mwamuna wako timatumba toti apite nato kutchire ndi mkazi wina," anatero, "iye akuganiza kuti wamuwonongera ndiwe."

Ndinati eya.

Anapuma mozama, n'kukoka mpando wawo, n'kuvundukula makina achiwiri.

"Bweretsa theka," anatero. "Apite nato towongoka, azikaona msoko wako tsiku lililonse."